Kwathu Nkuti?

Mwezi wathawu ndidalandira uthenga pa lamya wochokera kwa mnyamata wina amene ndidamphunzitsa kale m'Sitandade 7, amene tsopano ali ku Germany kumene akuphunzira ntchito yosamala odwala. Atatha kundilonjera ndi kufunsa za moyo wa ana ndi wa amayi a kunyumba, adati, "Ahedi, ine kuno ndathedwa nzeru ndi mawu amodzi okha, ndipo ndati ndifunse inu amene mudandiphunzitsa Chichewa."

Nkhani yake idali yotere. Mlendo wofuna kugwira ntchito ya chipatala m'dziko limenelo ayenera kuyamba waphunzira Chijeremani, ndipo m'kalasi mwawo muli anthu a mitundu yambiri amene amamvana m'Chingerezi. Tsiku lina mphunzitsi wawo, pofuna kuwasangalatsa, adalemba pa bolodi mawu achibwana amene anyamata a ku London ndi a ku America amatchulira malo awo ogona, nawauza kuti apeze mawu a Chijeremani olingana nawo. Zitatha izi adapempha wophunzira aliyense kuti atchule mawu otere a m'chinenero chake. Mnyamata wathuyo adayamba wanena kuti "paden", monga amanenera anyamata a m'tauni masiku ano, koma adachita manyazi pozindikira kuti mawuwo ndi Chingerezi chomwe chija, changovala malaya a Chichewa. Pamenepo adati "kwathu". Tsono mphunzitsi adafunsa kuti, kodi kwathu ndiye kuti nyumba, kapena mudzi, kapena dziko? Mwana wathu adangoti kakasi.

Ndidamyankha tsiku lomwelo, koma yankho langa lidali lofulumira, ndipo chiyambire pamenepo funsoli silidandichoke mumtima. Nchifukwa chake ndati ndiliike pamaso panu, inu owerenga, kuti tiliganizire pamodzi.

Tiyambe ndi mawu a eni ake aja. Angerezi ali ndi mawu awiri aakulu: "house", ndiyo nyumba ya zipupa ndi denga, ndi "home", ndiwo malo amene mtima wa munthu umakhazikikapo. Pansi pa awiriwa pali timawu tambiri ta m'misewu. Ena amati "digs", kunena chipinda cholipira cha mwana wa sukulu yaikulu kapena cha mbeta ya pantchito. Ena amati "pad", ena "gaff", ndipo a ku America amakonda "crib", mawu amene poyamba ankatanthauza chodyeramo ng'ombe ndiponso kabedi ka khanda. Mawu onsewa ngopepuka; munthu amawanena akuseka, ndipo sangawanene pa maliro kapena pamaso pa apongozi. Ajeremani nawo ali ndi "Haus", nyumba. "Zuhause", pakhomo pamene munthu amabwererapo madzulo. Ndi "Heimat", dziko limene munthu adakulira, pamodzi ndi mapiri ake, malankhulidwe ake ndi manda a makolo ake. Kamawu kawo kachibwana ndiko "Bude", kamene kwenikweni kamanena kanyumba ka matabwa konga kogulitsiramo zinthu pamsika, koma ophunzira amakatchulira kachipinda kawo. Motero ntchito ya m'kalasi ija sidali yovuta: chopepuka chidapeza chopepuka chinzake. Womasulira amene akadaika "Heimat" m'malo mwa "crib" akadafanana ndi munthu wovala nduwira ya ufumu popita kukaweta mbuzi.

Nafenso kamawu kopepuka tili nako, ndipo ndiko kadali yankho langa loyamba. Ndidamuuza kuti, "Mwana wanga, ukadati gowelo." Mnyamata akasinkhuka sagonanso m'nyumba ya amake, amamanga gowelo, kapena amakagona ku mphala ndi anzake. M'menemo muli mphasa, chingwe chopachikapo malaya, ndi nkhani zimene akulu sayenera kuzimva. Tilinso ndi msasa wa paulendo ndi chisakasa cha pamaliro. Koma onani kusiyana kwake. Gowelo limamangidwa pa bwalo la makolo, ndipo mwini wake amadya nsima ya amake. Akachedwa usiku, m'mawa amalume ake amadziwa. "Bude" ya Mjeremani ili m'mzinda wakutali, ndipo kukoma kwake nkwakuti palibe womuona. Ndiponso palibe mnyamata, ngakhale wopulukira chotani, amene adalozapo gowelo lake nanena kuti uku ndiko kwathu.

Nanga "kwathu" nchiyani? Ndakhala ndikuphunzitsa malamulo a chinenero zaka zoposa 20, koma ndidali ndisadayang'anitsitsepo mawu awa. Mukawagawa mupezamo zinthu ziwiri zokha: "ku", kuloza malo, ndi "athu", kuloza anthu. Mulibe chipupa, mulibe denga, mulibe ngakhale dothi. Ndipo anthuwo ngambiri. Inde, munthu akamanga nyumba yake amatha kuuza mnzake kuti "tiyeni kwanga tikamwe thobwa"; koma munthu yemweyo, ngakhale akhale yekhayekha pakati pa Johannesburg, mukamfunsa kumene achokera sadzati kwanga. Adzati kwathu. Mawuwo okha amamkaniza kuima payekha. Apa mpamene mphunzitsi wa ku Germany uja sadakhoze kumva, pakuti iye ankafuna kudziwa kukula kwa malo, pamene mawu athu amanena za anthu. Mwana wa sukulu akaweruka amati ndikupita kwathu, ndipo akunena nyumba ili patsidya pa dambo. Wogwira ntchito ku Lilongwe amati kwathu nku Ntcheu. Wokhala kunja amati kwathu nku Malawi. Onsewa sadalakwe, chifukwa kwathu kumakula monga momwe munthu watalikira.

Boma lomwe lidavomereza maganizo amenewa. Mapepala ake ambiri amafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ndipo pa kalembera wa zitupa za unzika mu 2017 tidaona anthu obadwira ku Blantyre, okulira ku Ndirande, akulembetsa mudzi wa kwa Kwataine kapena wa kwa Njolomole umene adaupondapo kawiri kokha pa moyo wawo. Sadaname. Iwo akudziwa kuti tsiku limene adzatsikire kuli chete, galimoto lidzawanyamula kudzera pa Zalewa ndi pa Chingeni, ndipo adzukulu amene sadawaonepo nkhope ndiwo adzadzuke m'bandakucha kukakumba manda awo. Ife okhala m'mbali mwa msewu waukulu timawaona magalimoto otere sabata ndi sabata, ndi ndalama zimene zimathera pa ulendo womalizawu nzambiri zedi, mwina kuposa zimene zidathera pa mankhwala. Ena amadandaula nazo, ndipo nanenso nthawi zina ndimadandaula. Koma zimatisonyeza chimene mawuwa akusenza. Kwathu ndiko kumene anthu ali ndi mangawa kwa ine, inenso ndili ndi mangawa kwa iwo. Akulu adati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Kufikira apa ndikhulupirira kuti owerenga ambiri akugwedeza mutu movomera, pakuti nkokoma kumva kuti mawu athu ngolemera kuposa a Azungu. Koma pali mbali yina ya nkhaniyi imene siikoma.

Funso lake nali: kodi munthu amabadwa nako kwawo, kapena amakupanga? Ambiri adzati amabadwa nako, kumene kudagwera mchombo wake ndi kumene kudagona makolo ake. Ngati ndi tero, ife a ku Ntcheu tili pa mlandu. Angoni a kwa Maseko adachokera kutali kummwera m'zaka za m'ma 1830, nawoloka Zambezi, napitirira mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo pambuyo pake adabwerera nadzakhazikika cha ku phiri la Domwe, limene lero lili mu Mozambique. Adafika ndi nthungo ndi zishango, alendo enieni, ndipo adapeza eni nthaka. Adakwatira akazi a kuno, ana adayamwa chinenero cha amayi awo, kotero kuti lero Chingoni chidatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mawu owerengeka monga malume ndi gogo. Achewa omwewo amasimba kuti makolo awo adachokera ku Uluwa. Nanga mwini weniweni wa pano ndani? Komabe Gomani woyamba adaphedwa ndi Angerezi mu 1896 ali pa dziko lino monga lake, ndipo mwana wake, Inkosi Philip Gomani, adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nachotsedwa pa ufumu, namwalira chaka chotsatira. Munthu sataya ufumu wake chifukwa cha msasa wa paulendo. Pasadathe zaka 100 dziko la alendo lidali litasanduka kwawo, ndipo lidasanduka kwawo chifukwa adalimapo, adaberekerapo, adaikapo akufa awo, ndi kulivutikira.

Malire a maiko nawo satithandiza. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidadula Angoni a Maseko pakati, ndipo aliyense wofika pa msika wa Lizulu amadzionera yekha: kuno kwa msewu ndi Malawi, tsidya lake ndi Mozambique. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere amawoloka malire a maiko awiri kuti akasinthe ndalama. Mukamfunsa kwawo adzatchula mudzi ndi mfumu, ndipo za mbendera adzakumbukira pambuyo.

Tsono ndikuuzeni za mawu amodzi a makolo athu Angoni amene adayenda ulendo wachilendo. M'Chizulu, chimene chili pa ubale ndi Chingoni, mawu onena kwathu ndi "ikhaya", ndipo popita kwawo munthu amati "ekhaya". Ndi mawu aulemu, olemera monga "Heimat" ya Ajeremani. Azungu a ku South Africa ndi a ku Southern Rhodesia adawatola mawuwa nawaika m'Chingerezi chawo cha tsiku ndi tsiku, namati "kaya" kapena "kia". Koma pakamwa pawo tanthauzo lidasintha: "kaya" kadali kachipinda ka wantchito kuseri kwa nyumba ya bwana, kamene ife timati boyizikota. Taonani zimene kumasulira kukhoza kuchita. Mawu amene kwa eni ake adali ndi khola la ng'ombe, manda ndi mizimu adasanduka kamawu kachibwana konena chipinda cha khomo limodzi pafupi ndi dzala. Amene adachita izi kapena sadafune chipongwe. Adangomva wantchito akunena za ekhaya, naganiza kuti akunena pogona. Koma kulakwa kotere kumachitika kawirikawiri pamene wamphamvu amasulira mawu a wofooka osamfunsa.

Za "kaya" ameneyu sindidazimve m'buku ayi. Ndidazimva kwa agogo anga, amalume a mayi anga. Iwo adachoka kuno ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, msonkho utawathina, nadzera ku Tete pa galimoto za Ulere zimene boma la Southern Rhodesia linkanyamulira antchito kwaulere, nakafika ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Adagwira ntchito yophika. Zaka zoyamba ankatumiza bulangete ndi nsalu. Kenaka makalata adayamba kuchepa, ndipo potsiriza adaleka. Kumudzi adawatcha mtchona, ndipo ife tidakula tikungomva dzina. Iwo adakwatira komweko, nabereka ana, nakalamba ku Mbare. Mu 2001 dziko la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika, ndipo ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique adapezeka kuti sawerengedwanso nzika, ngakhale adabadwira komweko. Mu 2005 boma lidagwetsa nyumba za m'makomboni pa ntchito imene lidaitcha Murambatsvina, ndipo bungwe la United Nations lidawerenga kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera chakudya. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Mshona adali nako kopita. Nanga mwana wa mtchona?

Chaka chomwecho agogo aja adatulukira pamudzi, ndi sutikesi imodzi ndi kamdzukulu ka zaka 10 kamene makolo ake adali atamwalira. Nthawi imeneyo nkuti ine nditangoyamba kumene uphunzitsi. Madzulo ena tili pa khonde ndidawafunsa kuti, "Agogo, zaka zonsezi munkati kwanu nkuti?" Adaseka pang'ono nati, "Mdzukulu wanga, ndagona m'kaya zaka 30. Mzungu ankati kaya ndi nyumba yanga. Ndipo munthu akandifunsa kwathu, nane ndinkati kaya." Owerenga adziwa chimene kaya atanthauza m'Chichewa. Ndidaseka nawo, koma iwo adasiya msanga kuseka.

Kubwera kwawo kudautsa mlandu pa banja. Ena adati: munthu uyu amake adamwalira iye osabwera, mlongo wake adamwalira iye osatumiza ngakhale nsalu; minda idagawidwa kale, ndipo ana athu omwe akusowa polima; abwera lero chifukwa kwaipa uko. Ndiyenera kunena mosabisa kuti mawu awa adali oona. Ngati kwathu ndi mangawa, ndiye kuti agogo adathawa mangawa awo zaka 50, ndipo sikudali kulakwa kuwakumbutsa. Amfumu adaweruza monga amaweruzira akulu: adawadzudzula pa bwalo, agogo adagwada napepesa kwa mbumba ndi nkhuku, ndipo adapatsidwa kandime kumapeto kwa munda wa mlongo wawo. Adalima kawiri kokha. Tidawaika pafupi ndi amayi awo.

Mlandu wovuta udatsalira pa mwana uja. Iye ankalankhula Chichewa chosakanizika ndi Chishona, ndipo kusukulu kumene ndinkaphunzitsa anzake adamutcha Mzimbabwe. Tsiku lina ndidawapeza atamzinga pa bwalo la mpira akumuimbira m'manja nanena, "Pita kwanu! Pita kwanu!" Mwanayo sadalire. Adangondiyang'ana nati, "Aphunzitsi, uko ankatinso pita kwanu." Ndidawalanga anawo, koma pobwerera kunyumba ndidadzifunsa kuti kodi mawuwo adawaphunzira kuti, ndipo yankho ndidalidziwa: adawamva kwa ife akulu.

Apa ndipo pagona chimene ndifuna kunena. "Kwathu" ndi "kwanu" ndi mawu amodzi, angosiyana mwini pakamwa. Munthu akati kwathu, akudzimangirira yekha kwa anthu. Koma mnzake akamuuza kuti kwanu nkwakuti, kawirikawiri akumchotsa pamene waima. Ndipo mawu akakhala olemera ndi okondedwa, ndi pamenenso amapweteka akasanduka chikwapu. Palibe adapirikitsidwapo ndi mawu onga gowelo kapena "Bude". Mbiri ya maiko ili ndi umboni wokwanira. Boma la tsankho la South Africa lidapatula zigawo 10 nilizitcha "homelands", ndiko kunena maiko a kwawo, ndipo kuyambira ndi Transkei mu 1976 lidayamba kuuza anthu akuda obadwira ku Soweto kuti iwo ndi nzika za kumeneko, alendo m'mzinda umene adaumanga ndi manja awo. Zigawozo zidathetsedwa mu 1994. Ajeremani omwe amawagwira mosamala mawu aja akuti "Heimat", chifukwa m'masiku a Hitler, kuyambira 1933 mpaka 1945, adagwiritsidwa ntchito posankha amene ali a m'dziko ndi amene sali, ndipo Ayuda amene makolo awo adakhala m'dzikomo zaka mazanamazana adauzidwa kuti si kwawo, naphedwa. Nkhondo itatha chikwapu chidatembenuka: Ajeremani pafupifupi 12 miliyoni adathawa kapena kupirikitsidwa ku maiko a kuvuma kwa Ulaya kumene adabadwira. Abale athu adamva mawu omwewa ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, pamene boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukawatenga.

Koma tisathamangire kuloza ena chala. Kodi mkamwini amene wakhala pamudzi zaka 30, wamanga nyumba, wabzala mango, wakumba manda a apongozi ake, satani mkazi wake akamwalira? Kodi sitimuuza kuti atenge khasu ndi nkhwangwa yake azipita kwawo, kumene amene ankamdziwa adatha kale? Nanga mkazi wa chitengwa, mwamuna akatsogola, si kangati tamuona akutuluka ndi mtolo wa ziwiya pamutu? Ena adzati umenewo ndi mwambo, ndipo mwambo uli ndi chifukwa chake, pakuti umasunga nthaka m'manja mwa mbumba kuti isamwazike. Sindikana. Nthaka njochepa, ndipo mudzi umene ungapatse munda aliyense wodutsa sungakhalitse. Koma ndiyesa kuti pali kusiyana pakati pa wodutsa ndi munthu amene wasenza maliro athu. Mlendo ndi mame, inde. Koma wakumba nafe manda zaka 30 salinso mame. Ngati tivomera kuti Angoni adapanga kwawo mwa kulima ndi kuika akufa, sitingakane muyeso womwewo kwa mkamwini, kapena kwa mwana wa ku Mbare. Ndipo mwana sangalipire mangawa amene agogo ake adathawa iye asadabadwe.

Mwana uja lero ndi bambo wa ana awiri. Chishona chake chidatha, chimangotulukira akapsa mtima. Pa maliro a m'mudzi ndiye amayamba kufika ndi khasu. Pali ena amamutchabe Mzimbabwe, koma tsopano amatero monga momwe timatchulira munthu dzina la paubwana.

Ndisadamalize ndiyenera kuwachitira chilungamo mawu opepuka aja, pakuti poyamba ndidawapeputsa koposa. Munthu sangasenze kwawo pamutu tsiku lonse. Wachinyamata afunika kachipinda kamene sikamfunsa kanthu, kamene angatsekemo chitseko naganiza maganizo ake. Makolo athu adadziwa izi, nchifukwa chake adalola gowelo. Ine ndemwe ndakhala m'nyumba zinayi za sukulu, ndipo iliyonse ndidaisiya ndi kalata imodzi yochokera ku ofesi. Ana anga adabadwira m'nyumba zimenezi. Akamacheza ndi anzawo amati paden, ndipo ndidaleka kuwakalipira, pakuti nyumba ya ahedi ndi msasa ndithu, ngakhale ili ndi malata. Chimene ndimaopa nchakuti munthu angakalambire m'mawu opepuka okhaokha, monga adachitira agogo m'kaya muja. Ajeremani ali ndi mawu akuti "Heimweh", kupweteka kwa kulakalaka kwanu, kumene ife timati kupukwa. Mu 1688 wophunzira za udokotala wina ku Basel, dzina lake Johannes Hofer, adalemba za kupukwa kumeneku monga nthenda yeniyeni yodwalitsa thupi, naipatsa dzina lakuti "nostalgia". Nthenda imeneyi njowawa, koma wodwala ali ndi mwayi umodzi: akudziwa kumene kuli mankhwala ake.

Nditawerenganso uthenga wa mnyamata wa ku Germany uja ndidaona kuti funso lenileni adaliika kumapeto, monga timachitira tonse pokamba ndi akulu. Adati chipatala chimene akuphunzirako chamuuza kuti akamaliza akhoza kukhala ndi kugwira ntchito komweko, ndiponso kuti pali mtsikana wina wa kumeneko amene akumvana naye. Ndipo adafunsa, "Ahedi, kodi ndikavomera ndiye kuti ndatchona?"

Ndidakhala masiku atatu osayankha. Mtima wina unkati ndimuuze kuti abwere, pakuti zipatala zathu zikusowa anamwino, ndipo adaphunzira ndi choko cha dziko lino. Ndipo izi ndidamuuzadi, kuti azidziwe posankha. Koma sindidamuuze kuti kukhala kutali ndiko kutchona, chifukwa sindikhulupirira tero. Agogo anga sadatchone tsiku limene adakwera galimoto la Ulere. Adatchona chaka chimene adamva za imfa ya amayi awo nakhala chete. Ndidamuuzanso kuti akasankha kukhala, asakhale ngati wogona m'kaya, wodikira tsiku losadziwika: aphunzire chinenero chawo bwinobwino, adziwane ndi anansi ake, apite pa maliro awo, kuti ana ake akadzauzidwa kuti pitani kwanu adzakhale ndi choyankha. Makwathu awiri ngolemera kusenza, pakuti mangawa nawo amakhala awiri, koma Angoni a ku Lizulu akhala akusenza chiyambire 1891.

Potsiriza ndidamkumbutsa kuti denga la nyumba ya amake lidasasuka ndi mphepo ya mwezi wa February, ndi kuti mlongo wake wamng'ono alemba mayeso a Sitandade 8 chaka chino. Za mphunzitsi wake uja ndidati akamuuze kuti "Bude" ndi gowelo, koma "kwathu" akusiye momwemo osamasulira, ndipo akafuna kumvetsa adzabwere adzakhale nafe pa siwa usiku umodzi. Mnyamatayo adayankha kuti wamva, ndipo aganizira. Dzulo podutsa pa mudzi wawo ndidaona mitolo iwiri ya malata itatsamira pa nkhokwe.